Kuyeza Nyanja Mosadukiza

Msinkhu wa madzi a m'Nyanja ya Malaŵi wakhala ukulembedwa kuyambira m'chaka cha 1896. Kaundula ameneyu ndiye akusonyeza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idaphwera mwakuti madzi adaleka kutulukira mu Shire cha ku Mangochi, ndi kuti idadzaza koposa mu 1980. Mu 2024 madzi adaloŵanso m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja.

Komatu kuyeza msinkhu wokha sikukwanira. Mwera ukamaomba m'nyengo yachisanu, madzi ozizira a pansi amakwera cha kumwera kwa nyanja, atanyamula chonde chomeretsa ndere zimene chambo chimadya. Nyanja ikamatenthera, kusakanikirana kumeneku kungathe kuchepa, ndipo msodzi wa ku Makanjira ndiye angayambe kuvuula ukonde wopepuka.

Nchifukwa chake ntchito yoyenera kutsogozedwa ndi akatswiri a za nsomba ku Monkey Bay ndiyo kuyeza kutentha kwa madzi akuya mwezi ndi mwezi. Kafukufuku wodalira thandizo lakunja amaima ndalama zikatha, chikhalirecho kusintha kwa nyengo kumaoneka patapita zaka makumi angapo. Mafuta a bwato loyezera ayenera kuchokera m'thumba la boma chaka chilichonse.