Thanki yobisika m'phiko

Lero tili m'galaja ina ku America. Mulibe galimoto. Pathebulo pagona phiko la ndege, ndipo fungo lomwe ladzaza muno ndi la phala lomatira lomwe amalitcha Pro-Seal.

Kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon, yomwe adayambitsa Richard VanGrunsven, imagulitsa zigawo za ndege zoti munthu alumikize yekha pakhomo, ndipo ndege zake zoposa 10,000 zidauluka kale. Ambiri mwa omangawo ntchito yomwe amaiopa ndi ya thanki ya mafuta.

Pa ndege ya kampaniyi yotchedwa RV-7, thanki si chigubu chogula n'kungolowetsa, ayi. Mbali yakutsogolo ya phiko lenilenilo ndiyo thanki, malita pafupifupi 80 phiko lililonse. Ndiye kuti bowo lililonse la msomali wolumikizira (rivet), mwa mazanamazana, ndi njira yomwe mafuta angatulukire. Mmisiri amakwecha aluminiyamu mpaka ayere, chifukwa ngakhale mafuta a m'zala zake amalepheretsa phala kugwira. Amasakaniza zinthu ziwiri zopangira phalalo pasikelo, magawo 10 a chimodzi ndi gawo limodzi la chinacho, kenaka amapaka nthiti iliyonse ya phiko n'kukhoma lisanalimbe. Limamata paliponse: m'manja, m'zovala, m'tsitsi momwe.

Likauma, mpamene mtima umakhala m'mwamba. Amatseka mabowo onse, kumangirira chibaluni pa kapaipi kopumira, n'kupopera mpweya pang'ono chabe, poti wambiri ungatupitse thanki n'kuiwononga. Akatero amawaza madzi a sopo m'mizere yonse. Pomwe patuluke thovu, pamenepo pakuchucha.

Kapaipi kopumirako musakaderere. Mavu akamangamo dothi, mpweya sulowa, mafuta amasiya kutsika ndipo injini imazima m'mlengalenga. Pansi penipeni pa thanki amaikapo kampopi kokhetsera madzi ndege isananyamuke.

Koma mbiri yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya kampopi kena, kosinthira mafuta kuchoka ku thanki ina kupita ku inzake. Pa 12 Okutobala 1997, woimba wotchuka John Denver adagwera m'nyanja ku Monterey Bay, m'dera la California, ali m'ndege ya mtundu wa Long-EZ yomwe anali atangogula kumene. Mapulani a Burt Rutan, yemwe adajambula ndegeyi, amati chogwirira cha kampopiko chikhale pakati pa miyendo ya woyendetsa. Koma yemwe adamanga ndege ya Denver adachiika kumbuyo kwa phewa lakumanzere, pofuna kuti mapaipi a mafuta asadutse pomwe pakhala munthu. Cholinga chinali chabwino ndithu. Tsikulo Denver adanyamuka ndi mafuta ochepa. Ofufuza ngozi a bungwe la NTSB adapeza kuti injini itayamba kusowa mafuta, iye adatembenuka kuti afikire chogwiriracho, phazi lakumanja n'kuponda chowongolera mchira mosazindikira, ndege n'kupendekeka ili pafupi ndi madzi. Adamwalira ali ndi zaka 53.