Mwini katemera ndani? Zomwe tikuona kuno ku Joni

Kwathu ku Uliwa nkhani ya katemera si yachilendo. Kuyambira 1986 mpaka 1989, anthu oposa 120,000 a m'boma la Karonga anapereka mikono yawo pa kafukufuku wa katemera wa BCG woyendetsedwa ku Chilumba, ndipo dziko lonse lapansi linaphunzira kuti kubaya kachiwiri kumachepetsa khate ndi theka. Palibe amene anafunsa malipiro a nzeru imeneyo.

Kuno ku South Africa nzeru yotere ili ndi mwini wake. Kampani ikalembetsa patent ya mankhwala ku ofesi ya CIPC ku Pretoria, kwa zaka 20 wina aliyense saloledwa kupanga mankhwalawo popanda chilolezo chake. Kwa zaka zambiri ofesiyi yakhala ikungoona ngati mapepala ali bwino, osafufuza ngati mankhwalawo ndi atsopanodi. Pamene palibe wopikisana naye, mtengo amautchula ndi mwini patent yekha.

Koma anthu akuno sakhala chete. Makampani 39 atasumira boma chifukwa cha lamulo la 1997 lotsitsa mitengo ya mankhwala, bungwe la Treatment Action Campaign linadzaza misewu, ndipo mu 2001 makampaniwo anausiya mlanduwo. Mu Okutobala 2020, South Africa ndi India anapempha bungwe la zamalonda la WTO kuti liimitse kaye malamulo a patent pa nthawi ya Covid-19. Yankho linabwera mu Juni 2022, lokhudza katemera yekha, maliro ambiri atachitika kale. Mu 2021 fakitale ya Aspen ku Gqeberha inkathira m'mabotolo katemera wa Johnson & Johnson, wina n'kumapita ku Ulaya, pomwe Malawi inkadalira ndondomeko yogawa katemera ya COVAX, yomwe inafikitsa katemera woyamba 360,000 mu Malichi 2021.

Patent si mpanda wokhawo. Luso lopangira nalonso limabisidwa, n'chifukwa chake akatswiri a Afrigen ku Cape Town anachita kudzipezera okha njira yopangira katemera wa mRNA.

Malawi, monga dziko losauka, silikakamizidwa kuteteza ma patent a mankhwala mpaka 2033. Abale anga, aphungu akabwera kudzachititsa msonkhano pa Uliwa, muwafunse kuti boma likuchita chiyani ndi zaka zatsalazi.