Kodi Khutu Limamva Kuchedwa kwa Ampulifaya?

Ogulitsa zoimbira zamtengo wapatali amakonda kutamanda ampulifaya kuti "imasunga nthawi". Mawuwa ndi okoma, koma m'kati mwake muli nkhani ziwiri zosiyana.

Yoyamba ndi kuchedwa wamba. Nyimbo ikalowa mu ampulifaya imatuluka patapita mamayikirosekondi owerengeka, ndipo mayikirosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Kuchedwako kukakhala kofanana pa mawu onse ndiponso ku masipika onse awiri, palibe khutu limene lingakuzindikire. Nyimbo yangoyamba mochedwa pang'ono, basi.

Yachiwiri ndiyo inasautsa akatswiri. M'chaka cha 1970, Matti Otala wa ku Finland anafotokoza kuti maampulifaya ena a matiranzisita ankalephera kutsata mawu odzidzimutsa, monga kugunda kwa ng'oma. Mphamvu ya magetsi inkayenera kukwera mwadzidzidzi, koma makinawo ankatsalira m'mbuyo, mawu n'kusokonekera. Vutoli linalipodi, ngakhale kuti akatswiri anatsutsana za kukula kwake. Ampulifaya yopangidwa bwino masiku ano ili ndi liwiro loposa limene nyimbo imafuna.

Khutu nalonso si logona ayi. Limazindikira mawu akafika ku khutu lina mamayikirosekondi pafupifupi 10 okha linzake lisanawamve. Komatu mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Womvera akangosuntha mutu sentimita imodzi kulowera ku sipika, wasintha nthawiyo ndi mamayikirosekondi pafupifupi 30, kuposa kusiyana kumene kumapezeka pakati pa mbali ziwiri za ampulifaya yabwino.