Galimoto ya Banja: Yambani Mwafunsa Msewu wa Kwanu

Nyengo yogulitsa fodya ndi soya ikafika, kapena mnzanga wopuma ntchito akalandira penshoni, funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Aphunzitsi, tigule galimoto yotani?" Ine ndimayankha kuti yambani mwafunsa msewu wa kwanu. Galimoto ya banja imadziwika ubwino wake usiku wa mu February, mvula ikugwa, pamene mayi wapakati kapena mwana wodwala afunika kufika kuchipatala ku Chipata kapena ku St Francis ku Katete.

Kuno ku Vubwi tinakhala boma patokha mu 2012, titachoka pansi pa Chadiza, koma misewu yambiri yopita kumidzi ikadali yafumbi, yamiyala ndi yazitunda. Anzathu a ku Katete ndi Sinda ali ndi phula la Great East Road, komabe akapatukira kumudzi amakumana ndi matope omwewo. Choncho musanayang'ane utoto, gwadani muone kunsi kwa galimoto. Pansi pa injini pali chotengera cha oilo. Galimoto yaifupi ngati Vitz ikagunda mwala pamenepo, oilo amatayika, ndipo mukapitiriza kuyenda injini imafa. Yokwera ngati Hilux imadutsa bwino, koma mtengo wake ndi matayala ake ndi okwera.

Chachiwiri, werengani anthu a m'nyumba mwanu. Corolla ili ndi malo a anthu 5, pamene Noah imatenga 7 kapena 8. Munthu aliyense ayenera kukhala ndi mpando ndi lamba wake. Mwana wokhala pamiyendo ya agogo alibe chomugwira dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi. Kumbukiraninso matumba a chimanga ndi feteleza, chifukwa katundu wopitirira muyeso amathyola masipuling'i.

Chachitatu, funsani amakaniko a pafupi kuti zipangizo za galimotoyo zimapezeka kuti. Za Toyota mumazipeza m'masitolo a ku Chipata ndi ku Katete. Za mitundu yosowa mudzaziyembekezera kuchokera ku Lusaka, galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikira m'kati. Dziwaninso kuti magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan ndi osintha okha magiya. Otere batire ikatha mphamvu sadzuka ndi kukankha.

Tsiku logula, pitani ndi makaniko amene mumamukhulupirira, ndipo injini ilizidwe ikadali yozizira. Utsi wabuluu umasonyeza kuti ikutentha oilo. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa m'injini. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yerekezani manambala olembedwa pa injini ndi pa thupi la galimoto ndi amene ali m'buku lake loyera. Ife tili pamalire a Malawi ndi Mozambique, choncho galimoto yotsika mtengo modabwitsa ingakhale yakuba kapena yosalipira msonkho wa ZRA. Musapereke ndalama zonse dzina lisanasinthidwe ku ofesi ya RTSA.

Pomaliza, khalani pansi ndi akunyumba kwanu muwerenge zimene zimabwera pambuyo pogula: mafuta, inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, kuyezetsa galimoto, matayala ndi oilo. Pa Luka 14 Ambuye Yesu anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wawerengera ngati adzaimaliza. Ngati kuyendetsa galimoto kudzadya ndalama za feteleza ndi za sukulu ya ana, dikirani chaka china. Njinga yamoto kapena kulipira galimoto ya mnansi pa tsiku la vuto si chamanyazi.

Ambuye akupatseni nzeru posankha, ndipo akusungeni pa maulendo anu onse.