Social Studies si phunziro longoponyera mphunzitsi aliyense

Mphunzitsi wa Masamu kapena Biology akasowa pasukulu ya sekondale, makolo sagona tulo. Koma akasowa wa Social Studies, m'sukulu zina, makamaka za CDSS, phunziroli amangopatsa aliyense amene ali ndi mpata, ati ndi lophweka, longofunika kulembetsa ana manotsi. Apa ndiye timalakwitsa.

Wophunzira wa Fomu 4 amakhala atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 18, msinkhu umene malamulo amamulola kuvota. Kwa ambiri, kalasi ya Social Studies ndi malo okhawo omvera mwadongosolo zimene zili m'malamulo aakulu a dziko lino a 1994, ufulu ndi udindo wa nzika, komanso kusiyana kwa ntchito ya phungu ndi ya khansala.

Mphunzitsi wodziwa ntchito sangotchula nthambi zitatu za boma n'kusiyira pomwepo. Amakumbutsa ophunzira kuti pa 3 February 2020 khoti lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo Amalawi adavotanso pa 23 June. Apo mwana amaona yekha mphamvu ya makhoti. Pophunzitsa za ufulu wa ana, amafotokoza kuti mu 2017 aphungu adasintha malamulo kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo asalowe m'banja. Mtsikana amene akukakamizidwa ukwati kumudzi angapulumuke ndi phunziro limeneli.

Palinso ntchito ya tsiku ndi tsiku: kukonzekera phunziro motsatira silabasi yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kuchonga ntchito za ana ndi kuwakonzekeretsa mayeso a JCE ndi MSCE amene amalembetsa a MANEB.

Zonsezi zimafuna munthu wosulidwa bwino. Satifiketi ya uphunzitsi wa kupulayimale payokha siyokwana. Pamafunika dipuloma kapena digiri ya zauphunzitsi, monga zimene amapereka ku Domasi College of Education, University of Malawi ndi Mzuzu University, komanso kulembetsa ku Teachers Council of Malawi.

Komabe pepala lokha siliphunzitsa. Mphunzitsiyu ayenera kukonda nyuzipepala ndi wailesi, chifukwa phunziro lake limayenda ndi zochitika. Ayeneranso kudziwa kugwira mtima. Nkhani za ndale, mitundu ndi zipembedzo sizichedwa kuyatsa moto, choncho chipani chake azichisiya pakhomo la kalasi, n'kulola ana kutsutsana mwaulemu.

Timadandaula kuti anthu amagulitsa voti ndi chitenje kapena kandalama, n'kumapempha phungu bokosi la maliro m'malo momufunsa zimene wakayankhula ku Nyumba ya Malamulo. M'mera mpoyamba. Akuluakulu a Unduna wa Zamaphunziro ndi inu aphunzitsi aakulu, pogawa aphunzitsi chaka chino, phunziroli lipatseni mwiniwake.