Za Kukonzetsa Kanema Wamkulu Wakale

Wolemba Mlangizi wa Malimidwe, Mangochi

M'midzi ndi m'misika ya m'boma la Mangochi, kuyambira ku Namwera kufikira ku Monkey Bay, muli nyumba zina zimene zisunga wailesi yakanema yaikulu ngati kabati, yotalika kufika pachifuwa cha munthu. Ena mwa makanema amenewa anabwera ndi abale athu ochokera ku Joni, amene anawagula motsika mtengo pamene eni ake anayamba kukonda opyapyala okoloweka pakhoma. Ena ali m'nyumba zoonetsera mpira, ndipo eni ake apezerapo ndalama ya sopo ndi ya feteleza. Tsono makanema amenewa akalamba. Mlimi wosachenjera akhoza kutha ndalama zake zonse za thonje kapena za nsomba pakupita naye kwa mmisiri katatu kapena kanayi m'chaka chimodzi.

M'KATI MWAKE MULI CHIYANI?

Kanema wa mtundu umenewu asiyana ndi anzake. Pansi pa bokosi pali machubu atatu: lina liwala mofiira, lina mobiriwira ngati msipu, ndi lina mwa mtundu wa thambo. Machubuwo aponya kuwala kwawo pa kalilole wamkulu amene ali kumbuyo, ndipo kaliloleyo abweza kuwalako pa galasi lakutsogolo pamene inu muonerapo. Mitundu itatuyo ikagwera pamodzi bwino, chithunzi chioneka chokoma.

Kampani ya Mitsubishi, imene inatsala yokha kupanga makanema oponya chithunzi kuchokera kumbuyo, inaleka mu 2012, ndipo a machubu atatu anali ataleka kale kupangidwa. Ena mwa iwo ndi aakulu msinkhu kuposa Television Malawi, imene inayamba kuulutsa mu 1999. Kunja bokosi likhoza kunyezimira ndithu, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIPANGIZO ZIKALAMBA PAMODZI

Mlimi aliyense adziwa kuti mzati umodzi wa nkhokwe ukagwa ndi chiswe, anzake amene anazikidwa tsiku lomwelo sali kutali. Wanzeru asintha mizati yonse chimanga chisanalowe. M'kanema ndi chimodzimodzi.

Zoyamba kukalamba ndi timigolo tating'ono totchedwa makapasita, timene tisunga ndi kusalaza mphamvu ya magetsi. M'kati mwake muli madzi a mankhwala amene auma pang'onopang'ono ndi kutentha. Opanga ake anena kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita udulidwa pakati. Taganizirani tsono za nyumba ya malata kuno kunyanja m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kupitirira madigiri 35 ndipo anthu adzaza m'nyumba kuonera mpira! Kapasita wotha atupa pamutu kapena achucha, koma ena afa osaonetsa chizindikiro. Kanema ayamba kuchedwa kuyaka, kapena azima yekha akatentha.

Chifukwa chake mmisiri akapeza kapasita mmodzi wakufa m'chigawo cholandira magetsi, muuzeni kuti ayese ndi kusintha anzake onse amene ali pa malo otentha omwewo. Timigolo timeneti si todula. Chodula ndi ulendo wa ku boma, kunyamula bokosi lolemera pa galimoto ndi kulipira mmisiri kachiwiri. Watsopano akhale wa nambala ya mamaikrofaradi yofanana ndi wakale, mavoti ake akhale ofanana kapena oposa, ndipo akhale wolembedwa 105 m'malo mwa 85, pakuti ameneyo apirira kutentha.

Nthenda yachiwiri ndi iyi: munthu aoneka ndi mithunzi yofiira ndi yamtambo m'mbali mwake, ndipo mizere ya bwalo la mpira ipindika ngati uta. Apa zapsa ndi zipangizo zolondolera mitundu itatu ija, zimene m'makanema ambiri zikhala ziwiri ndipo nambala yake iyamba ndi STK. Zisinthidwe zonse ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi mafyuzi ndi timarezisita topserera timene tili pafupi, ndipo mmisiri apake mafuta oyera atsopano otulutsa kutentha. Chenjerani, pakuti zipangizo zimenezi zili ndi zachinyengo zambiri zimene sizikhalitsa.

Nthenda yachitatu ndi chithunzi cha chifunga. Nthawi zina ndi fumbi chabe limene lakhala pa magalasi ndi pa kalilole. Nthawi zina ndi madzi oziziritsa amene ali patsogolo pa chubu lililonse, amene achita litsiro pakupita kwa zaka. Mmisiri awatsanule ndi kuthira ena a mtundu womwewo, osati madzi a pa mjigo. Madzi amenewa ali ndi poizoni ndipo atsekemera m'kamwa. Asatayidwe pamene ana, agalu kapena nkhuku zifika.

NTHAWI YOLEKA

Pali nthenda imene ilibe mankhwala. Machubu akatha, chithunzi chikhala chamdima ngakhale magalasi apukutidwe, ndipo chizindikiro cha wailesi chimene chikhala pakona chitsalira pa galasi ngati chipsera. Machubu atsopano sapangidwanso. Pamenepo musatayenso ndalama. Ng'ombe yokalamba siibwerera ku goli chifukwa cha chingwe chatsopano.

Werengeraninso magetsi. Kanema wotere adya mawati pafupifupi 200, pamene wopyapyala wa mainchesi 32 kawirikawiri safika 60. Kwa munthu wa sola kapena wa jenereta, kusiyana kumeneku ndi batire ndi petulo wa usiku uliwonse. Ndiponso wakaleyo salandira yekha mawailesi a masiku ano popanda dikoda, monga ya Kiliye Kiliye.

Musanalole ntchito kuyamba, funsani mmisiri mafunso atatu. Kodi machubu akali ndi mphamvu? Kodi zipangizo zonse zofunika zipezeka? Nanga mtengo wa zonse pamodzi ndi wotani? Mtengowo ukayandikira wa kanema wina wopyapyala, nkwabwino kusunga ndalamazo. Safunsa anadya phula. Ntchito ikatha, pemphani kuti akubwezereni zipangizo zakale zimene wachotsa, ndipo kanemayo ayake maola angapo pa malo ake a ntchito musanamunyamule.

MUSATSEGULE NOKHA

Abale, ichi ndicho chachikulu. M'kati mwa bokosi limeneli muyenda mphamvu ya mavoti pafupifupi 30,000, ndipo ina itsalira ngakhale mutazula chingwe kukhoma. Mnyamata wodziwa kulumikiza waya wa tochi kapena wa wailesi ya mabatire asayese kulowetsamo dzanja. Fyuzi ikapsa, musamangepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuziyo ndi mlonda, ndipo popanda iyo moto ukhoza kugwira denga la udzu.

Zimene inu mukhoza kuchita ndi izi. Ikani kanema motalikirana ndi khoma kuti mpweya upite. Musatseke maboo ake ndi nsalu pamene ali kugwira ntchito. Musaike chakudya pafupi, pakuti mphemvu ndi makoswe zikonda malo ofunda ndipo ziwononga mawaya. Magetsi akazima, kapena mvula ya mphezi ikayamba, zulani chingwe.

Kanema akafa ndithu, musamutenthe ndipo musamutaye m'nyanja kapena mu Shire. Galasi la machubu lili ndi mtovu, umene uipitsa nthaka ndi madzi amene timwa ndi kuwedzamo chambo. Mperekeni kwa mmisiri kuti achotsemo zothandiza kukonzera a anzanu.