Richard Hall: Mtolankhani Amene Anapatsa Anthu Akuda Pakamwa

M'masiku a Citaganya, nyuzipepala zikulu-zikulu za mu Northern Rhodesia zinali za Azungu. Zinali kulemba zokomera atsamunda, ndipo madandaulo a munthu wa kumudzi kapena mau a atsogoleri omenyera ufulu sanali kupeza malo okwanira. Mmodzi wa anthu amene anasintha zimenezi anali Bambo Richard Hall.

Bambo Hall anabadwira ku Mangalande m'caka ca 1925. Ataphunzira nchito ya utolankhani kwao, anabwera kuno m'caka ca 1955 nayamba kulemba nkhani ku Migodi. Kumeneko anaona ndi maso ao mmene tsankho linali kupwetekera anthu akuda.

M'caka ca 1960, iwo pamodzi ndi Dr. Alexander Scott, atate ao a Guy Scott, anayambitsa nyuzipepala ya African Mail mu Lusaka. Ndalama zina anathandiza ndi Bambo David Astor, mkonzi wa The Observer ya ku London. Nyuzipepalayi inali kusindikiza poyera zonena za a Kenneth Kaunda ndi cipani ca UNIP, cinthu cimene cinakwiyitsa Azungu ambiri. Inasintha dzina kukhala Central African Mail, ndipo Boma litaigula mu 1965 inadzasanduka Zambia Mail, kholo la Zambia Daily Mail.

Caka comweco ca 1965, kampani ya Lonrho inasandutsa Northern News ya ku Ndola kukhala Times of Zambia, ndipo Bambo Hall ndiwo anakhala mkonzi wace. Mu 1967 anabwerera ku London kukalembera The Observer.

Koma Africa sanamtaye. Nkhondo itabuka ku Nigeria, anapita ku Biafra, dera limene Zambia inalizindikira monga dziko mu 1968. Sanadalire mphekesera ai. Anakhala pakati pa anthu amene anali kufa ndi njala kufikira masiku otsiriza a nkhondoyo mu January 1970, nauza dziko lonse zimene anaona.

Analembanso mabuku, monga Zambia (1965) ndi The High Price of Principles (1969), lofotokoza mabvuto amene dziko lino linakumana nao cifukwa cokana ulamuliro wa Ian Smith. Mu 1986 anayambitsa Africa Analysis. Anamwalira mu 1997, koma nyuzipepala ziwiri zimene anazigwirira nchito kuno ziwerengedwabe mpaka lero.